Kusintha batire la sola kompyuta ikuyaka

Musanagwire sipanala, dzifunseni kaye ngati kompyutayo siingazimitsidwedi. Nthawi zambiri zimatheka. Mumasunga zimene mumalemba, mumachenjeza anthu kuti kwa mphindi khumi makina akhala chete, mumazimitsa, n'kusintha batire mtima uli m'malo. Njira imeneyo imaposa zonse zimene zili m'munsimu, ndipo woisankha asadzione ngati wamantha. Koma alipo makina amene kuzima kwake kumapweteka: seva imene ili mkati mokopera mafayilo, kompyuta yosunga zithunzi za makamera, rauta imene anthu ambiri akuidalira. Malangizowa ndi a nthawi ngati imeneyo, pamene batire lafooka koma moto suyenera kudukiza.

Ena amadalira changu cha manja, amati ndizula waya uku n'kumuika uko kompyuta isanazindikire. Sizingatheke. Bokosi la mphamvu la m'kompyuta ya patebulo limasunga moto kwa mamilisekondi pafupifupi 16 okha magetsi akaduka, nthawi yochepa kuposa kuphethira kwa diso. Enanso amati dzuwa likaswa mtengo mapanelo anyamula okha lodi, kutanthauza zipangizo zonse zimene zikudya magetsi, pamene batire lachotsedwa. Apanso ayi. Kontirola ya sola, kabokosi ka pakati pa mapanelo ndi batire koyang'anira kutchaja, imadalira batire kuti mavoti akhazikike, ndipo makontirola ambiri amadziwira pa batire lomwelo ngati makina anu ndi a mavoti 12 kapena 24. Mukaichotsera batire mapanelo akadali olumikizidwa, mavoti amatha kulumpha n'kuwononga kontirolayo ngakhalenso inveta, bokosi losandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba.

Ntchito yonse yagona pa lamulo limodzi: batire latsopano lilowe kaye, liyambe kunyamula lodi, kenako lakale lituluke. N'chimodzimodzi kusintha mzati wofumbwa. Mumayamba mwachirikiza denga ndi mtengo wina musanauzule.

Onani kaye mmene mabatire anu alumikizidwira

Ngati muli ndi mabatire awiri kapena kuposa, mutu wa pozitivu ndi pozitivu mnzake, negativu ndi negativu, chimene amisiri amati parallel, ndinu amwayi, chifukwa limodzi likatuluka ena amatsala akugwira ntchito. Koma ngati pozitivu ya batire lina yalowa ku negativu ya linzake, chimene amati series, kuti mabatire awiri a mavoti 12 apereke 24, kapena anayi apereke 48, moto uli ndi njira imodzi yokha. Mukachotsapo limodzi, zonse zazima. Pamenepa chosinthidwa ndi mzere wonse, ndipo cholowa m'malo mwake chiyenera kukhalanso mzere wathunthu wa mavoti omwewo. Ndiponso batire latsopano siliyenera kuikidwa mumzere umodzi ndi lokalamba: lokalambalo limadzaza msanga ndi kutha msanga, ndipo limakokera latsopanolo kumanda.

Chachiwiri, yang'anani pamene mawaya a inveta amangidwa. Ngati amangidwa pamitu ya batire lomwe mukufuna kuchotsalo, ndipo palibe bawuti ina yopanda kanthu, ine ndingati lekani. Kumasula nati imene pakudutsa moto kuti mulowetsepo waya wina n'kusewera ndi ngozi, ndipo zopanira za mawaya odzutsira galimoto zimapulumuka nthawi imene simukuyembekezera. Zimitsani makina kamodzi kokha, muike zitsulo ziwiri zokumanirapo mawaya, zimene amati busbar, china cha pozitivu china cha negativu. Inveta ndi kontirola zimangidwe pamenepo, ndipo batire lililonse lifike pa busbar kudzera pa fyuzi yakeyake ndi swichi yakeyake. Siyani khomo limodzi, kutanthauza malo okhala ndi fyuzi ndi swichi yake, lopanda batire. Khomo limenelo ndilo lidzakupulumutsani ulendo uliwonse wosintha.

Ilipo swichi ina imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'maboti, yolembedwa 1, 2, BOTH ndi OFF. Yambiri mwa iyo imalumikiza batire lachiwiri isanasiye loyamba, ndiye imagwira bwino ntchito imeneyi, bola poizunguliza mudutse pa BOTH osati pa OFF. Werengani pepala lake mutsimikize kuti yanuyo ndi ya mtundu umenewo.

Moto umene mukulimbana nawo

Mavoti 12 sagwira munthu, n'chifukwa chake anthu amawadelera. Choopsa ndi maampu. Tiyerekeze kuti kompyuta, monita ndi rauta zikudya mawati 300. Inveta imatayako mphamvu ina potembenuza magetsi, tinene kuti imatulutsa 85 pa 100 ya zimene yalandira. Ndiye kuti ku batire ikukoka mawati pafupifupi 350, ndipo mukagawa ndi mavoti 12 mupeza maampu 29. Pa makina a mavoti 24 ndi theka lake. Umenewu ndi moto woyenda mwadongosolo. Sipanala ikagwa n'kukhudza mitu yonse iwiri, batire limatulutsa maampu mazanamazana nthawi yomweyo, okwanira kufiiritsa chitsulo ndi kusungunula mphete pachala.

Palinso kusiyana pakati pa magetsi a m'nyumba ndi a batire. A m'nyumba amasinthasintha mbali, ndipo pa 50 Hz amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi, ndiye lawi likabuka pomasula limazima lokha. Magetsi a batire sabwerera pa ziro. Lawi likabuka limatha kupitirira, makamaka pa mavoti 24 ndi 48, ndipo ku mbali ya mapanelo, kumene mavoti amakhala okwera kuposa apa, nkhaniyi imakula kwambiri. Choncho swichi kapena bureka iliyonse imene mugwiritse ntchito ikhale yolembedwa DC, kutanthauza magetsi a batire, ya mavoti ndi maampu okwanira. Bureka ya m'nyumba yolembedwa AC yokha isalowe pamenepa ngakhale ikuoneka yolimba.

Mabatire othira madzi aja amatulutsa mpweya wa haidirojeni akamatchajidwa, makamaka akatsala pang'ono kudzaza. Mpweyawu umayaka ukangofika magawo 4 pa 100 a mpweya wa pamalopo, ndipo umakonda kuunjikana pamwamba pa batire ndi m'kabati yotseka. Kuthetheka kumodzi pamutu wa batire n'kokwanira. Ichi n'chifukwa china chofunira swichi: kulumikiza komaliza kuchitikire mkati mwa swichi, kutali ndi zivindikiro za batire.

Zokonzeratu

Mufunika mita yoyezera mavoti, komanso mita yopanira pa waya yoyezera maampu. Yachiwiriyi ionetsetseni, chifukwa zambiri zotchipa zimayeza AC yokha, ndipo pa waya wa batire zimangoonetsa ziro. Mufunikanso sipanala yokutidwa, kapena yokulungidwa ndi tepi kusiya kukamwa kokha, magalasi oteteza maso, magolovesi, tepi kapena timapaipi ta labala tovekera mawaya omasulidwa, ndi soda wosungunula m'madzi wothira pamene asidi wadontha. Vulani mphete, wotchi yachitsulo ndi unyolo wa m'khosi. Pezani munthu wachiwiri. Batire la asidi la 100Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 30, ndipo kulinyamula nokha pakati pa mawaya amoyo si nzeru. Mnzanuyo ndiyenso woyang'ana sikirini ya inveta inu mutawerama.

Batire latsopano litchajeni lidzaze, kenako lisiyeni lipume maola angapo. Batire la asidi longochoka kumene pa tchaja limaonetsa mavoti opitirira 13, koma amenewo ndi a pamwamba chabe. Likapuma limakhazikika pa 12.6 mpaka 12.8. Likaonetsa 12.2 lili pafupifupi theka, ndipo silinakonzeke kulandira lodi.

Ndondomeko yake

Choyamba, sungani zonse ndi kukopera mafayilo ofunika pa chosungira china, ngati kuti mukudziwa kuti makina azima. Kenako chepetsani lodi. Zimitsani monita, masipika, magetsi ounikira amene ali pa inveta yomweyo, makamaka printa ya laser, imene imakoka moto wambiri mwadzidzidzi ikamatenthetsa. Maampu akachepa, china chilichonse chotsatira chimapepuka. Ngati muli ndi UPS yaing'ono, kabokosi kokhala ndi batire lakelake kopatsa kompyuta moto magetsi akaduka, pakati pa inveta ndi kompyuta, onetsetsani kuti batire lake lili bwino, chifukwa ndiyo idzagwira kompyuta mukalakwitsa penapake.

Chachiwiri, dulani mapanelo ku kontirola pogwiritsa ntchito bureka yake. Ena amadabwa, amati bwanji kutaya dzuwa nthawi imene tikufuna mphamvu. Zifukwa zake n'ziwiri. Kontirola ikamatchaja, mavoti pa busbar amakwera kufika 13.6 kapena 14.4, kutali ndi a batire latsopano lopuma. Komanso ngati batire lingaduke mwangozi, simukufuna kontirola itsale ndi mapanelo yokha. Mukadula, tsegulani mazenera ndi chitseko cha kabati, mudikire mphindi zingapo mpweya uchoke ndipo mavoti atsike. Nthawi yabwino ndi masana batire lakale litalandirako mphamvu, osati m'mawa litakomoka ndi usiku wonse.

Chachitatu, ikani batire latsopano pamalo ake, swichi ya khomo lake ili yotsegula, kutanthauza kuti moto sukudutsa. Mangani waya wa pozitivu pamutu wa batire, fyuzi ili pafupi kwambiri ndi mutuwo. Malamulo a zamagetsi a m'maboti a bungwe la ku America la ABYC amati fyuzi isatalikire kupitirira mainchesi 7, amene ndi masentimita pafupifupi 18, ndipo muyezo umenewu ndi wabwino kuutsatira paliponse, chifukwa gawo la waya la pakati pa batire ndi fyuzi lilibe chitetezo. Kenako mangani negativu.

Chachinayi ndicho chimene anthu ambiri amadumpha, chonsecho ndicho mtima wa ntchitoyi. Musanatseke swichi, ikani mita yanu mbali ziwiri za swichiyo, nsonga ina ku mbali ya batire latsopano, ina ku mbali ya busbar. Chimene mukuwerenga ndi kusiyana kwa mavoti a mbali ziwirizo. Mukaona nambala ya m'ma 24 kapena 25 pa makina a mavoti 12, imani pomwepo: mwatembenuza batire, ndipo kutseka swichi kukanaphulitsa fyuzi kapena inveta. Musadalire mtundu wa waya, chifukwa alipo anthu amene amamanga waya wofiira ku negativu poti ndi amene anali pafupi. Mukaona kachigawo kochepa ka voti imodzi, muli panjira.

Kusiyanaku kuchepe mmene mungathere. Mabatire awiri akakumana, la mavoti okwera limathira moto mwa linzake, ndipo choletsa motowo n'chochepa kwambiri. Ngati njira yonse, mabatire ndi mawaya, ili ndi choletsa moto cha mamiliomu 10, kusiyana kwa theka la voti kumakankha maampu 50. Pa mabatire a asidi motowu umatsika msanga, ndipo poti lakale lili pa lodi mavoti ake amakhala otsikirapo ndithu, ndiye kusiyana kwa 0.3 kapena 0.5 si kwachilendo. Pa mabatire a lithiamu, amene mkati mwake moto umadutsa mosavuta, yesetsani kusiyana kusapitirire 0.1 kapena 0.2, apo ayi kabodi koteteza ka mkati, BMS, kangadule batire lonse nthawi yomwe mukulifuna.

Pali vuto limodzi lofunika kulizindikira pano. Batire la asidi la mavoti 12 lili ndi zipinda 6, chilichonse cha mavoti pafupifupi 2.1. Chipinda chimodzi chikapanga shoti mkati, batire limakhazikika cha m'ma 10.5 ngakhale mulitchaje motani, ndipo nthawi zambiri limatentha kapena kutupa mbali imodzi. Mukalumikiza latsopano ndi lotereli, latsopanolo limathira moto wambiri mwa lowonongekalo, limene limatentha ndi kutulutsa mpweya. Inveta zambiri zimazima zokha cha pa 10.5, ndiye ngati makina akuyendabe ali m'mphepete mwa phompho kale. Batire lotupa, lotentha kapena lonunkha ngati mazira owola musalisinthe moto ukuyaka. Zimitsani kompyuta mwadongosolo, mutaye mphindi khumi zija.

Chachisanu, tsekani swichi ya batire latsopano. Tsopano mabatire awiri akugwirira limodzi. Musathamangire kuchotsa lakale. Panani mita ya maampu pa waya wa latsopano muone ngati likunyamuladi. Batire likhoza kuonetsa mavoti abwino koma fyuzi yake ili yakupsa, nati ili yosamangitsa, kapena BMS yake ili m'tulo. Mavoti amanena kuti batire lilipo. Maampu ndiwo amanena kuti likugwira ntchito. Ngati lodi yanu ndi maampu 20 ndipo pa waya watsopano mukuona gawo lalikulu la amenewo, pitirizani. Mukaona ziro, fufuzani kaye.

Chachisanu ndi chimodzi, tsegulani swichi ya batire lakale, maso a mnzanu ali pa sikirini ya inveta. Mavoti atsika pang'ono n'kukhazikika. Akamatsikabe mothamanga, tsekaninso swichi yomweyo msanga, chifukwa batire lakale likadali pomwepo ndipo palibe chatayika. N'chifukwa chake simumasula nati iliyonse kufikira mutaona makina akuyenda pa latsopano lokha kwa mphindi zingapo.

Chachisanu ndi chiwiri, masulani lakale, negativu poyamba kenako pozitivu, ndipo waya aliyense womasulidwa mumuveke labala kapena tepi nthawi yomweyo. Apa pali msampha kwa amene anazolowera galimoto. Pa galimoto, mukachotsa negativu ndiye kuti moto wonse wafa, ndipo sipanala ingakhudze chitsulo popanda vuto. Pa makina athuwa batire lina likadali lamoyo pa busbar. Ngati batire lakale lilibe swichi yakeyake, waya wake wa pozitivu amakhalabe ndi moto wochokera ku latsopano ngakhale mwauchotsa pamutu. Akalendewera n'kukhudza bokosi la inveta kapena shelefu yachitsulo yolumikizidwa ku negativu, ndi shoti yathunthu. Pa makina opanda swichi, chotsani kaye fyuzi ya waya ameneyo kapena mumumasulire ku busbar, ndipo musamusiye m'manja mwa mwayi ngakhale kwa sekondi imodzi.

Ngati batire latsopano liyenera kukhala pamalo enieni pamene panali lakale, ndondomekoyi imachitika kawiri. Mumayamba mwalowetsa batire lachitatu logwirizira, lililonse labwino la mavoti omwewo, n'kuchotsa lakale. Kenako latsopano limalowa pa khomo limene latsala, mumayeza, mumatseka, n'kuchotsa logwiriziralo. Werengetsani nthawi: batire laling'ono la 40Ah pa maampu 29 silikupatsani ola lathunthu, chifukwa batire la asidi likamakokedwa mwamphamvu limapereka zochepa kuposa zolembedwa pambali pake.

Zikalephereka n'kuzima

Inveta ikazima ndipo yakhala kanthawi yopanda batire, musangoigunditsa waya. Mkati mwake muli makapasita akuluakulu, zipangizo zosunga moto kwa kanthawi, amene akakhala opanda kanthu amameza moto wambiri nthawi imodzi, ndipo ndiko kumachokera kuthetheka kwamphamvu kuja kumene kumadya mutu wa batire kapena kudzidzimutsa BMS. Zimitsani swichi ya inveta, mudutsitse moto kaye pa resistor, kachipangizo kochepetsa moto wodutsa, ya maomu makumi angapo kwa masekondi ochepa, kapena pa babu la galimoto ngati makina ndi a mavoti 12. Babu limawala n'kuzilala makapasita akamadzaza. Likazima, tsekani swichi yaikulu.

Za UPS yokhala ndi batire mkati

Ma UPS ena, monga ambiri a mtundu wa APC Smart-UPS, anapangidwa kuti batire lisinthidwe akuyaka. Chimene chimachitika n'chakuti kompyuta imadya magetsi olowera ku pulagi, kaya a inveta kapena a kampani ya magetsi, ndipo pa mphindi zimene batire latuluka palibe chitetezo chilichonse. Choncho onetsetsani kuti gwero lolowera ndi lokhazikika, ndipo musasinthe batire la UPS ndi la sola nthawi imodzi. Ngati buku la UPS yanu silinena kuti batire lingasinthidwe ikuyaka, musayese. Mu ma UPS ena mbali ya batire siinapatulidwe ku magetsi olowera, ndiye mitu ya batire imatha kukhala ndi mavoti opha munthu poyerekeza ndi nthaka. Mukamaliza, ilamuleni idziyese yokha batire litadzaza.

Mukatha kusintha

Musanabwezeretse mapanelo, lowani mu kontirola muone mtundu wa batire umene unasankhidwa. Ngati mwachoka ku batire lothira madzi kupita ku AGM kapena gel, mabatire a asidi otsekedwa osathira madzi, mavoti otchajira amasiyana, ndipo olondola ndi amene wopanga batirelo walemba. Ngati mwalowa ku LiFePO4, umene ndi mtundu wa lithiamu, zimitsani kutchaja kwa equalize, kumene kumakweza mavoti kupitirira 15 pofuna kutakasa asidi. Lithiamu safuna zimenezo ndipo BMS imangodula. Asidi ndi lithiamu angakumane kwa mphindi zochepa zosinthira, koma asakhalire limodzi pa busbar, chifukwa lithiamu amapuma pa mavoti opitirira 13 ndipo amakhalira kudyetsa mnzakeyo. Ngati muli ndi mita yowerengera mphamvu yotsala, iuzeni kukula kwa batire latsopano, apo ayi idzakunamizani masiku onse.

Tsopano tsekani bureka ya mapanelo, muone maampu akulowa. Bwezerani lodi pang'onopang'ono, chimodzi chimodzi. Pakatha mphindi 20 kapena 30, gwirani pafupi ndi mfundo iliyonse imene mwamanga, fyuzi ndi swichi zomwe. Kufunda pang'ono si vuto, koma mfundo yotentha kuposa zinzake ndiye kuti siinagwire bwino. Mita ingakutsimikizireni: ikani nsonga ina pamutu weniweni wa batire, ina pa chitsulo cha waya, lodi ikuyenda. Mfundo yabwino imaonetsa mamilivoti ochepa chabe. Pomanga, kumbukirani kuti washa wachitsulo asakhale pakati pa mutu wa batire ndi chitsulo cha waya. Malo ake ndi pamwamba, pansi pa nati. Osamangitsanso mopitirira, chifukwa mitu ya mtovu imafewa ndipo mano a bawuti amatha.

Lembani tsiku pa batire latsopano ndi peni yosafufutika, ndipo khomo limene latsala lopanda batire muliphimbe, swichi yake ili yotsegula. Batire lakale likulungeni tepi pamitu musanalinyamule, chifukwa ngakhale lalephera kuyendetsa kompyuta likadali ndi mphamvu yofiiritsa chitsulo chogwerapo. Liimikeni chilili, musakhuthule asidi wake pansi kapena m'ngalande, ndipo liperekeni kwa ogula mabatire akutha kapena kwa wogulitsa amene amalandira akale, chifukwa mtovu wake umasungunulidwa n'kupangira mabatire ena.